Anthu akulowa mu shopu yanga ya pa Etsy koma sakugula: nditsatsire kuti?

Funso lasabata ino lachokera kwa mayi wina wa ku Malawi amene amakhala ku Leicester, ku UK, ndipo amagulitsa pa Etsy, msika wa pa intaneti wa zinthu zopangidwa ndi manja. Alemba motere:

"Ndikaweruka kuntchito ndimasoka zikwama, maepuloni ndi mipango ya chitenje, komanso ndimapanga ndolo za mikanda. Chaka chatha ndinatsegula shopu pa Etsy ndipo pano muli katundu wa mitundu 38. Mwezi wathawu tsamba la Stats likuonetsa kuti munalowa anthu 1,200, koma maoda ndi 7 basi. Mwa anthuwo, 520 alembedwa kuti Direct, 310 achokera pa masamba a mchezo, 140 pa Etsy search, 130 pa Etsy Ads, ndipo 100 otsalawo achokera m'masamba ena a Etsy. Ndimaika linki pa status ya WhatsApp tsiku ndi tsiku, m'magulu a Amalawi pa Facebook ndiponso pa Instagram. Ndimalipiranso £2 pa tsiku ku Etsy Ads, koma kumeneko kwangotuluka oda imodzi, chikwama cha £28. Bambo akunyumba akuti ndikungotaya nthawi. Kodi ndiwonjezere ndalama zotsatsira, kapena ndingotseka?"

Mayi, zikomo chifukwa chotumiza funso pamodzi ndi manambala ake. Ambiri amangondilembera kuti malonda sakuyenda, ndiye ine ndimasowa pogwira. Choyamba, musatseke. Shopu ya chaka chimodzi imene ikugulitsa kasanu ndi kawiri pa mwezi, mwini wake akusokera patebulo madzulo atatopa ndi ntchito ina, si shopu yakufa ayi. Koma ndalama zotsatsira musawonjezere ngakhale khobidi. Ndikanakhala inu ndikanaziimitsa kaye lero lomwe, ndipo chifukwa chake ndikuonetsani ndi masamu anu omwewo.

Nambala ya 1,200 ija ndi imene ikukuwawitsani mtima, chonsecho ndi nambala imene ili ndi phindu lochepa kwambiri patsamba lonselo. Mukagawa maoda 7 ndi anthu 1,200 mupeza kuti pa anthu 200 alionse akugula ndi mmodzi yekha, mwina kupitirirako pang'ono. M'mashopu ang'onoang'ono amene ndawaonapo pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza ogulitsa za manja, anthu 100 akalowa, ogula amakhala mmodzi, awiri, zikakoma atatu. Ndiye mukangoyang'ana choncho munganene kuti katundu wanu ali ndi vuto. Koma anthu 1,200 aja sali ofanana. Ganizirani benchi ya mumsika wa Limbe. Pali amene angodutsa n'kupereka moni chifukwa amakudziwani, pali amene aima n'kugwiragwira nsalu, pali amene achoka kunyumba ndi ndalama m'manja atatsimikiza kuti lero akagula chitenje. Mukawawerengera pamodzi onsewa, madzulo mudzalira kuti anthu anali mbwee koma malonda zii.

Tiyeni tiwasiyanitse. Anthu 520 a Direct aja, ambiri mwa iwo ndikukhulupirira kuti ndi a pa WhatsApp. Munthu akadina linki pa status kapena m'meseji, kawirikawiri Etsy siidziwa kumene wachokera, ndiye imamuponya m'gulu limeneli pamodzi ndi amene alemba okha adiresi ya shopu. Tsono dzifunseni kuti amaona status yanu ndani. Azichemwali anu ku Ndirande, anzanu a kusukulu, amayi a kumpingo, alamu anu ku Johannesburg. Amadina chifukwa amakukondani ndipo akufuna kuona kuti mwasoka chiyani sabata ino. Koma munthu amene ali ku Zomba sangagule chikwama cha chitenje cha £28 kuchokera ku Leicester, pomwe telala ali pakhonde la sitolo yapafupi ndipo chitenje chili pamsika. Magulu a Amalawi pa Facebook nawonso ndi chimodzimodzi, kungoti mmenemo muli ena okhala kunja amene angathe kugula. Mukaphatikiza magulu awiriwa, anthu 830 pa 1,200 ndi oti mwawaitana nokha, ndipo ambiri ndi odzacheza. Sindikunena kuti muwathamangitse. Ndi iwowa amene amauza anzawo kuntchito, ndipo oda yoyamba ya shopu zambiri imachokera kwa m'bale. Chimene ndikukana n'choti muziyezera moyo wa bizinesi yanu pa iwo.

Gulu limene ine ndaliyang'anitsitsa ndi laling'onolo, anthu 140 a Etsy search. Awa ndi alendo enieni. Sakukudziwani, sanakuoneni pa status, anangolemba zimene akufuna m'bokosi losakira ndipo chithunzi chanu chinawakopa pakati pa zithunzi zina zambirimbiri. Munthu wotere ali kale ndi maganizo ogula. Ndikukhulupirira kuti ambiri mwa maoda anu 7 anachokera kwa awa ndi kwa 100 aja a m'masamba ena a Etsy. Ngati ndi choncho, ndiye kuti pakati pa anthu ofuna kugula shopu yanu ikuchita bwino ndithu, vuto n'loti anthu oterowo akukupezani ochepa. Ntchito yanu ili pamenepo.

Komabe musangondikhulupirira, yesani nokha. Tsamba la Stats limakuuzani kumene anthu achokera, koma silikuuzani nthawi zonse kuti amene watulutsa ndalamayo analowera khomo liti. Njira yosavuta ndi makuponi. Mu Shop Manager, tsamba loyendetsera shopu yanu, pansi pa Marketing, mungathe kupanga makodi ochotsera mtengo. Pangani atatu osiyana, ina ya pa WhatsApp, ina ya pa Facebook, ina ya pa Instagram, iliyonse yochotsera pang'ono, ngakhale 5 peresenti. Pakatha mwezi ndi theka muone kodi imene yagwiritsidwa ntchito. Palinso pulogalamu ya Share & Save, imene imakupatsani linki yanuyanu: munthu akagula atadzera pa linki imeneyo, a Etsy amakuchotserani 4 peresenti ya mtengo wa odayo pa ndalama zimene amakudulani, ndipo mumaona maoda amene abwera chifukwa cha khama lanu. Popeza mukugawa kale linki tsiku lililonse, kusalowa nawo pulogalamuyi n'kusiya ndalama panjira. Ndipo musanyoze njira yachikale: potumiza meseji yothokoza, funsani kasitomala kuti anakupezani bwanji. Ambiri amayankha mosangalala.

Tsopano za £2 ya tsiku lililonse ija. Pa mwezi ndi £60. Mwapeza anthu 130, kutanthauza kuti aliyense amene wadina wakudyerani pafupifupi mapeni 46, chifukwa Etsy Ads imakulipiritsani munthu akadina, agule asagule. Pa anthu 130 wagula mmodzi. Tione chimene chatsala pa chikwama cha £28. A Etsy amatenga 6.5 peresenti ya mtengo, imene ndi £1.82. Kwa ogulitsa a ku UK amatenganso 4 peresenti ndi mapeni 20 yoyendetsera malipiro, imene ndi £1.32. Palinso masenti 20 a ku America oikira katundu pa shelefu, amene amalipiridwanso katunduyo akagulidwa kapena pakatha miyezi inayi. Zonse pamodzi zikupitirira £3, tisanawerengere tina ting'onoting'ono. Tiyerekeze kuti chitenje, nsalu ya mkati, zipi ndi lamba zinakutherani £9, ndipo positi ndi envulopu £3.50. Mwatsala ndi £12, thukuta lanu la pamakina lisanalipidwe. Ndalama imeneyo imagula anthu odina 26 okha. Choncho kuti musaluze, pa anthu 26 alionse odina pamayenera kutuluka oda imodzi. Inu mwapeza imodzi pa 130. Mwalipira £60 kuti mupeze £12. Apa bambo akunyumba ali ndi mfundo, koma pa gawo ili lokha.

Chimene chimachitika kawirikawiri n'choti munthu akayatsa Etsy Ads amasiya katundu yense ali woyatsidwa, ndiye £2 imamwazikana pa zinthu 38. Ndolo za £7 zimadya ndalama mofanana ndi chikwama, pomwe phindu la ndolo silingalipire ngakhale anthu khumi odina. Kutsatsa kolipira sikukonza katundu amene sakugulidwa, kumangochulukitsa anthu omuona n'kumusiya. Mukadzafuna kuyambiranso, yatsani zinthu ziwiri kapena zitatu zokha zimene zagulidwapo kale kangapo popanda kutsatsa, zokhala ndi ndemanga zabwino komanso phindu lokwanira. Ndipo muziyang'ana mawu amene anthu analemba asanadine. Mukaona kuti chikwama chanu chikuonekera kwa anthu ofuna nsalu yosasoka ya mayadi sikisi, dziwani kuti ndalama zikulowa m'madzi, zimitsani mawu amenewo.

Musasokoneze Etsy Ads ndi Offsite Ads. Yachiwiriyi ndi imene a Etsy amatsatsa katundu wanu pa Google, Facebook, Pinterest ndi kwina, ndipo simulipira kanthu pokhapokha munthu atagula pasanathe masiku 30 chidinireni. Akagula amakudulani 15 peresenti. Shopu imene sinafike $10,000 pa chaka ili ndi ufulu woizimitsa. Imene yapitirira pamenepo imalipira 12 peresenti ndipo siingatulukemo. Kwa inu ndinganene kuti isiyeni yoyaka ngati mitengo yanu ingathe kupirira kudulidwako. Pa chikwama chija ndi £4.20, yowawa ndithu, koma yolipira malonda atachitika kale.

Mukatha kuona makomo olowera, tsikirani m'munsi pa tsamba lomwelo pamene pali mndandanda wa katundu mmodzimmodzi. Apa ndi pamene ine ndimakhalitsa ndikamaunika shopu ya munthu. Sankhani masiku 90, osati sabata, ndipo muone katundu aliyense kuti waonedwa kangati, wasungidwa ndi angati pa ka mtima kamene anthu amadina akakonda chinthu, wagulidwa kangati. Pafupifupi shopu iliyonse imaonetsa chinthu chimodzi chodabwitsa mwini wake: katundu anayi kapena asanu ndi amene anyamula shopu yonse, ena onse akungogona. Ndipo nthawi zambiri amene akuyenda si amene mwiniwake amamunyadira.

Katundu amene sakuonedwa n'komwe, vuto lake lili pa mawu. Kuwonjezera pa mutu wa katundu, Etsy imakupatsani matagi 13 pa katundu aliyense, kutanthauza mawu othandiza osaka kuti amupeze, iliyonse ya zilembo zosapitirira 20. Ndaona mashopu ambiri a abale athu atadzaza matagi ndi mawu akuti chitenje, Malawi, Warm Heart of Africa, n'kusiya ena opanda kanthu. Mawu amenewa asungeni, chifukwa mzungu amene anagwirapo ntchito ku Mzuzu kapena mwana wa Mmalawi wobadwira ku Manchester adzalemba omwewo. Koma mayi wa ku Bristol wofuna mphatso ya mnzake salidziwa liwu lakuti chitenje; iye alemba african print tote bag, ankara apron, wax print headwrap, mwinanso kitenge. Stats imakuonetsani mawu amene anthu analemba kuti akupezeni. Awerengeni mofatsa ngati kalata. Mukaona mawu amene simunawaganizire akubweretsa anthu, aikeni koyambirira kwa mutu ndi m'matagi. Mukhozanso kulemba mawu oyamba m'bokosi losakira la Etsy n'kuona zimene likumalizitsa lokha, pakuti zimenezo ndi zimene anthu amasaka. Zida zofufuzira mawu amene anthu amasaka, ngati eRank, zimathandiza, ndipo ili ndi gawo laulere lokwanira shopu ya msinkhu wanu.

Katundu amene akuonedwa kwambiri koma osagulidwa ndiye wopweteka mtima, komanso ndiye wosavuta kuchiza. Munthu wafika, waona, wabwerera. Chamubweza n'chiyani? Tsegulani katunduyo pa foni, osati pa kompyuta, ndipo mudziyese mlendo. Kodi chithunzi choyamba chadulidwa lamba wa chikwama? Kodi mwajambulira usiku pa bedi, babu lachikasu likusandutsa buluu kukhala wobiriwira? Chitenje chimagulitsidwa ndi mtundu wake, ndiye jambulani masana pafupi ndi windo, kumbuyo kuli khoma loyera. Onetsani chikwama chili paphewa pa munthu kuti kukula kwake kuoneke, onetsani mkati, thumba la foni, msoko wa pangodya pamene lamba walumikizidwa, pakuti wogula amene anadukiridwapo lamba amayang'ana pamenepo. Ikani kavidiyo ka masekondi 5 mpaka 15 mukutsegula zipi. Lembani muyeso m'masentimita ndi mainchi, nenani ngati chimachapidwa ndiponso ngati nsalu imasuluka. Mukatero muone mtengo wotumizira ndi masiku okonzera. Anthu ambiri amathawira pamenepo, ataika kale katundu m'basiketi. Ngati mwalemba kuti mumatumiza pakatha masabata awiri, wofuna mphatso ya Loweruka wapita.

Nanga amene akusungidwa kwambiri pa ka mtima koma osagulidwa? Amenewa akukuuzani kuti chinthucho n'chokongola koma mtengo kapena nthawi sizinakwane. Etsy ili ndi njira yotumizira kuchotsera kwapadera kwa anthu amene asunga katundu wanu kapena amusiya m'basiketi. Ndi kutsatsa kotchipa kuposa konse, chifukwa mukulankhula ndi munthu amene wakweza kale dzanja.

Pa masamba a mchezo ndinene mwachidule. Simungakwanitse onse muli ndi ntchito ina komanso banja. Makuponi aja akakuuzani kumene kukuchokera ogula, sankhani tsamba limodzi n'kuliweta bwino. Pa Instagram linki ya m'mawu a pansi pa chithunzi siidinika, ndiye ngati simunaiike pa profile kapena mu story, anthu akungokonda zithunzi n'kupita. Ineyo kwa osoka ndimakonda kulimbikitsa Pinterest, chifukwa kumeneko anthu amapita kukasaka zinthu, ndipo chithunzi chimene mwaika lero chikhoza kubweretsa munthu pakatha miyezi, pomwe status ya WhatsApp imafa pakatha maola 24. Ku WhatsApp musasiye, koma sinthani nyimbo. M'malo mwa "gulani" tsiku lililonse, apempheni abale okhala kunja kuti atumizire anzawo a kuntchito kukayandikira nyengo ya mphatso.

Nyengozo muzizidziwa, chifukwa manambala amakwera ndi kutsika ndi kalendala. Tsiku la anakubala ku UK limakhala kawirikawiri mu Malichi, ku America ndi Lamlungu lachiwiri la Meyi, kwathu ndi 15 Okutobala. Okutobala yemweyo ndi Black History Month ku UK, nthawi imene zovala ndi mphatso za nsalu za ku Africa zimasakidwa. Kenako Novembala ndi Disembala ndi nyengo yokolola ya aliyense wogulitsa za manja. Mukayerekeza Januwale ndi Disembala mudzadwala nazo mutu pachabe. Yerekezani mwezi ndi mwezi womwewo wa chaka chatha, poti tsopano shopu yanu yakwanitsa chaka. Konzani mawu ndi zithunzi patatsala milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu, osati sabata yomweyo.

Chenjezo limodzi lalikulu: manambala anu ndi aang'ono, ndipo manambala aang'ono amanama. Katundu amene waonedwa ka 20 osagulidwa sanakuuzeni kanthu. Mudikireni afike pa 100 kapena 150 musanamuweruze. Musasinthe mutu, chithunzi ndi mtengo tsiku limodzi, chifukwa zikayenda simudziwa chimene chathandiza, zikaipa simudziwa chobweza. Sinthani chimodzi, lembani tsiku m'kope, dikirani milungu itatu kapena inayi. Ndipo lekani kutsegula Stats pa bulekitaimu iliyonse. Kamodzi pa sabata, tsiku lomwelomwelo, mphindi makumi awiri ndi kope pambali, zakwana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Owerenga amene muli kumudzi ndipo mumagulitsa madengu, mphasa kapena zosema kudzera pa Facebook ndi WhatsApp, kope lomweli likugwirirani ntchito: lembani kuti amene wafunsa mtengo wachokera kuti, ndipo amene watumizadi ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba wachokera kuti. Mudzaona kuti mizere iwiriyi siifanana.

Maoda anu akayamba kuonetsa ogula a kunja kwa UK, musathamangire kutsatsa kumeneko musanaone malamulo. Kuyambira pa 13 Disembala 2024, katundu wopita ku maiko a European Union ndi ku Northern Ireland amagwa pansi pa lamulo la chitetezo cha katundu lotchedwa GPSR, limene limafuna kuti mukhale ndi wokuimirirani kumeneko, ndipo ogulitsa ang'onoang'ono ambiri anangotseka kutumiza kumaiko amenewo. Ku America nako, kuyambira kumapeto kwa Ogasiti 2025 timaphukusi ting'onoting'ono sitilowanso mwaulere ngati kale. Werengerani msonkho umenewo musanalonjeze mtengo.

Pali zina zimene simuyenera kulimbana nazo nokha. Anthu olowa akatsika mwadzidzidzi kufika pafupi ndi ziro, kapena katundu akachotsedwa, lembani kwa a Etsy kudzera mu Help Center ya mu akaunti yanu. Meseji iliyonse yobwera mu inbox yodzitcha kuti ndi ya a Etsy, yopempha imelo, nambala ya khadi kapena kuti musikane ka QR, ndi ya akuba. Mashopu atsopano ndi amene amawasaka. Chimodzimodzi amene akulonjezani alendo masauzande mukawalipira: adzakutumizirani manambala opanda anthu, n'kukuonongerani Stats imene mukufuna kuphunzirapo. Ngati mwakonza mawu ndi zithunzi kwa miyezi itatu koma anthu a Etsy search sakuwonjezeka, pezani wogulitsa mnzanu wodziwa aone shopu yanu ndi maso achilendo, kapena lipirani wojambula kamodzi pa katundu wanu asanu oyenda bwino.

Za msonkho kaonaneni ndi akauntanti msanga. Ku UK, ndalama zonse zolowa kuchokera ku geni yapambali zikapitirira £1,000 pa chaka cha msonkho, chimene chimayamba pa 6 Epulo, mumayenera kulembetsa ku HMRC, bungwe lotolera misonkho kumeneko, ndipo malire amenewa amawerengera zolowa zonse, osati phindu lokha. Kuyambira Januwale 2024 makampani ngati Etsy amasonkhanitsa ndi kupereka ku HMRC mbiri ya ogulitsa amene afika maoda 30 kapena ndalama zopitirira mayuro 2,000 pa chaka, ndipo ndi maoda 7 pa mwezi inu mudutsa pa 30 chaka chisanathe. Simunanene kuti muli pa chitupa chanji, koma ngati muli pa viza ya ntchito kapena ya sukulu, funsani mlangizi wovomerezeka wa za maviza ngati ikukulolani kuchita bizinesi yanuyanu, chifukwa viza ya sukulu siilola ndipo ya ntchito ili ndi malire ake.

Pakatha milungu isanu ndi umodzi mundilemberenso. Munditumizire zinthu zitatu: chiwerengero cha Etsy search, kodi ya kuponi imene yagwira ntchito kwambiri, ndi mawu khumi oyamba amene anthu analemba kuti akupezeni. Tikaona zimenezo tidzasankha limodzi zikwama ziwiri zoyenera kubwezeretsa pa Etsy Ads, ndi ndalama zingati pa tsiku.